Mango akuolera pansi, ife tili kalikiliki kugula kasitadi wa m'chitini

Chaka ndi chaka, kuyambira mwezi wa November mpaka January, dera lonse la pakati pa Liwonde, Ulongwe ndi Balaka limanunkhira mango. Ndati kununkhira pofuna ulemu chabe, chifukwa ikamafika Khirisimasi limakhala layamba kununkha. Pansi pa mitengo pamakhala pali mbwee, ntchentche zili ng'waa, mbuzi nazo zitakhuta mpaka kumangowalumpha. M'mbali mwa msewu amayi amandanda ndi mabeseni a boloma, dodo ndi kalisere, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo madzulo amagulitsa pa mtengo uliwonse umene wapaulendo watchula, poti kubwerera nawo kunyumba n'kungosenza katundu wokataya.

Nthawi yomweyo, kalowereni m'malesitilanti ndi m'maresitihausi a m'matauni athuwa. Mukadya nsima ya chambo kapena mpunga wa nkhuku, funsani ngati pali kotsukira m'kamwa. Ambiri adzakulozerani firiji ya zakumwa za m'mabotolo. Malo ena ogona alendo ku Liwonde, amene sindiwatchula dzina, anandipatsa mapichesi a m'chitini ochokera ku South Africa atawathira kasitadi wa ufa, m'mwezi wa December, mtengo wa mango uli pawindo pomwepo nthambi zikuchita kuthyoka. Kodi abale anga, limeneli si tsoka lodziputira dala?

Kasitadi ameneyu ambiri timamulemekeza osamudziwa. Amene anayamba kupanga kasitadi wa ufa ndi mkulu wina wa ku Birmingham, ku Mangalande, dzina lake Alfred Bird, m'chaka cha 1837. Anachita zimenezi chifukwa mkazi wake thupi lake linkadana ndi mazira. Tsono anafuna chinthu chooneka ngati kasitadi koma chopanda dzira ngakhale limodzi. Anapeza chiyani? Ufa wosalala wa chimanga. Lero lino mukawerenga pa chitini kapena pa paketi mudzapeza kuti muli ufa womwewo, kamchere, utoto wachikasu ndi zonunkhiritsa. Basi. Ndiye taonani nkhani yake: ife alimi a chimanga, oweta nkhuku, tikupereka ndalama zakunja zimene dziko lino likuzisowa, kuti atigulitse chimanga chopaka utoto, chimene anachikonzera mayi wina amene sankadya mazira zaka pafupifupi 200 zapitazo. Mayiyo anali ndi chifukwa chake. Nanga ife chathu n'chiyani?

Lero ndafuna ndikambe za chakudya china chimene chimachita ntchito yomweyo, koma ndi mazira enieni, ndipo chilichonse chofunika chili pakhomo pathu. A ku Italy amachitcha zabaglione, a ku France amati sabayon, ndipo dzina lachiwirili ndi limene ophunzira za mahotela adzalipeza m'mabuku awo. Ine ndikanakhala ndi mphamvu ndikanangoti thovu la mazira, chifukwa ndi chimene chili. Ndi chikasu cha dzira, shuga ndi chakumwa pang'ono, zopukusidwa pamodzi pamwamba pa nthunzi mpaka zitafufuma n'kukhala thovu lofunda, lolemerera, lothira pa zipatso zoduladula. Simufuna uvuni, simufuna firiji, simufuna mkaka, simufuna magetsi. Mbaula ya makala ndi dzanja lolimba zakwana.

Wina ati ndi zachizungu. Ndiyankha pang'ono chabe, chifukwa nkhani imeneyi inatha kale. Mango amene timawaona ngati a makolo athuwa kwawo ndi ku India. Chimanga, chinangwa, mapapaya ndi tomato kwawo ndi ku America. Tiyi wa ku Thyolo anachita kubwera. Mandasi nawo sanamere pa phiri la Chikala. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo anthu a ku Balaka mwambi umenewu safuna kuwamasulira. Ansembe a chipani cha Montfort ochokera ku Italy akhala nafe kuno zaka zambirimbiri. Episikopi woyamba wa dayosizi ya Mangochi, imene Balaka ili m'kati mwake, anali Ambuye Alessandro Assolari, Mtaliyana. Alleluya Band inabadwa mu 1978 pa parishi ya Balaka, Bambo Mario Pacifici ali pomwepo, ndipo kuchokera m'gulu limenelo tinamva mawu a Paul Banda ndi malemu Lucius Banda. Kalata ya maepisikopi ya mu March 1992, ija inagwedeza boma la chipani chimodzi, inasindikizidwa pa makina a ku Balaka komweku, ndipo nyumba yosindikizirayo inatenthedwa chifukwa cha kalatayo. Tinalandira gitala, tinalandira makina osindikizira, tinazisandutsa zathu mpaka dziko lonse likuti nyimbo za ku Balaka. Chovuta n'chiyani kulandira mbale imodzi ya mazira?

Kapangidwe kake ndi aka, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani.

Muyeso ndi wosavuta kuukumbukira. Munthu mmodzi, dzira limodzi. Mumaswa dzira pakati, n'kumakhuthulira chikasu chake uku ndi uku m'zigoba ziwirizo mpaka choyera chija chitatsikira m'kapu. Chikasucho muike m'bakuli. Amayi a ku Italy sikelo analibe nayo ntchito: theka la chigoba chomwecho ndilo linali muyeso wawo. Pa chikasu chimodzi, theka la chigoba la shuga ndi theka la chigoba la chakumwa. Ena amathira chakumwa kawiri kuti thovu lipepuke. Ofuna masipuni, ndi sipuni yaikulu imodzi ya shuga ndi masipuni aakulu awiri a chakumwa pa dzira lililonse. Anthu anayi, mazira anayi. Thileyi ya mazira 30 ndi mbale 30. Mwana wa Sitandade 3 akhoza kuwerengera.

Shuga uja mukangothira pa mazira, yambani kupukusa nthawi yomweyo. Mukamusiya atakhala pamwamba inu n'kupita kukakoleza moto, amayamwa madzi a m'chikasu n'kusiya timibulu touma timene sitisungunukanso, ngakhale mupukuse mpaka mawa. Pukusani mpaka chikasu chija chitayererako, ndipo mukatero thirani chakumwa. Chopukusira cha waya cha m'sitolo ndi chabwino koposa, koma kamtengo kanthambi kaja timapukusira phala kamagwiranso ntchito, ngakhale mafoloko awiri ogwiridwa pamodzi, kungoti thukuta limachuluka.

Pa mbaula pakhale poto wa madzi ochepa, akuya ngati zala ziwiri kapena zitatu, ongotuluka nthunzi, osati obwadamuka. Bakuli lija likhale pakamwa pa poto ngati chivundikiro, koma pansi pake pasakhudze madzi. Chifukwa chake n'chakuti chikasu cha dzira chimayamba kulimba kutentha kukafika pa madigiri 65, ndipo chikakhala chokha chimagwirana cha m'ma 70. Shuga ndi chakumwa zimakweza malire amenewa pang'ono, koma madzi owira ali pafupi ndi 100. Mukaika pa moto weniweni, kapena bakuli likamira m'madzi owira, simupeza thovu. Mupeza mazira okazinga otsekemera, oti ngakhale galu amayamba wanunkhiza kawiri. Nthunzi ndiyo imapereka moto wofatsa woti dzira lilimbe pang'onopang'ono uku likukola mpweya umene dzanja lanu likulowetsa. Tinthu tija timalimbitsa dzira lophika ndi tomwe timamanga makoma a thovulo kuti lisaphwe msanga.

Ndiye pukusani osaleka, mukuzungulira bakuli lonse, m'mbali ndi pansi pomwe, poti m'mbalimo ndimo mumayambira kupsa. Poyamba mudzaona thovu lalikululikulu ngati la sopo, lamadzimadzi, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakatha mphindi zisanu thovu lija limayamba kusalala, mtundu umasanduka wotuwirako, ndipo zimene zinali pansi pa bakuli zimakwera kuwirikiza kawiri kapena katatu. Pa mphindi 8 kapena 10 zimakhala zapsa. Chizindikiro chake n'chakuti mukakweza chopukusira, zotsika zija zimagona pamwamba ngati chingwe kwa kanthawi zisanamire. Mukaona kuti m'mbali mwayamba kugwirana msanga, chotsani bakuli pa poto, pitirizani kupukusa muli pambali, kenaka mubwezere. Mbaula ilibe batani lochepetsera moto, tsono dzanja lanu ndilo batani.

Za bakuli ndinenepo kamodzi. La pulasitiki ayi, limafewa ndipo silipititsa kutentha bwino. La aluminiyamu, ngati masefuliya athu ambiriwa, limadetsa mazira n'kuwapatsa mtundu wa phulusa. Mbale zija zachitsulo zokutidwa ndi utoto woyera, zimene agogo athu ankasungira alendo, ndizo zoyenera, ngakhalenso zachitsulo chosachita dzimbiri zimene zadzaza m'misika masiku ano.

Tsopano pali nkhani ya chakumwa, ndipo kuno kwathu si nkhani yaing'ono. Ku Italy amathira vinyo wotsekemera wotchedwa Marsala, dzina la doko la pa chilumba cha Sicily kumene amachokera. A ku France amathira vinyo woyera. Mabuku a ophika amalemba zomwezo, ndipo mnyamata amene waphunzira za mahotela ku Blantyre akhoza kubwera nazo kuno osaganiza kawiri. Koma anthu ambiri a m'boma la Machinga ndi Asilamu, ku Balaka nakonso alipo ochuluka, ndipo pali Akhristu a mipingo yambiri amene mowa sayandikira. Pali bodza lina lofala lakuti mowa ukaphikidwa umauluka wonse. Si zoona, makamaka pa chakudya chongofunditsidwa pa nthunzi kwa mphindi khumi. Wogulitsa amene angathire vinyo mwakachetechete n'kupatsa Shehe kapena mwana wa sukulu wachita chipongwe chachikulu, ndipo mbiri ikamveka pa Liwonde geni yake yathera pomwepo.

Mwayi wake, vinyo si mwini nkhani. Ntchito yake ndi kupereka madzi, fungo ndi kakuwawasa kochepetsa kutsekemera. Madzi a malalanje kapena a manachesi amachita zonsezi. Mandimu osungunula ndi madzi pang'ono amachita bwino kwambiri pa mango okoma ngati kalisere. Ndipo ife tili ndi zimene Mtaliyana alibe: malambe, amene mitengo yake yaima ngati asilikali kuyambira ku Liwonde mpaka ku Mangochi, ndi bwemba. Viikani malambe m'madzi owiritsa, sefani bwino kuti akhale opyapyala, muthire m'malo mwa vinyo. Kuwawasa kwake kukakumana ndi mafuta a dzira ndi kutsekemera kwa mango, mudzandiuza nokha. Ine maganizo anga ndi akuti sabayon wa kuno akhale wopanda mowa kuchokera pachiyambi, aliyense adziwe choncho, kuti wogula asamachite kufunsa. Ofuna vinyo akathire kunyumba kwawo.

Zipatso zake zilibe lamulo. Mango osenda ndi kudula, makamaka opanda ulusi wambiri, nthochi, mapapaya, chinanazi, magwafa ochotsa njere. Masuku akafika nawonso alowe. Muike m'kapu kapena m'kambale, thovu lija lofunda pamwamba, munthu adye nthawi yomweyo ndi sipuni. Choyera cha mazira chija musataye. Chilowe mu mtanda wa mandasi kapena wa chigumu, kapena apatseni anyamata a chiwaya akazingire pa tchipisi.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukung'ung'udza muli pa benchi ya okala: mkuluyu wakhuta, akutiuza za zotsekemera anthu akugona ndi njala. Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindilithawa. Boma la Machinga lakhala pa moto zaka zapitazi. Namondwe wa Freddy anakokolola minda mu March 2023. Mu November chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu n'kuuluka. Mu 2024 ng'amba inapsereza chimanga, mpaka m'mwezi wa March mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chaka chomwecho shuga anasowa m'masitolo, ndipo tinawerenga za mabanja a ku Machinga akuphika chitedze kuti apeze chotafuna. Ndani wa ife sadziwa kuti m'miyezi ya njala mango aawisi amaphikidwa mu mphika n'kukhala chakudya cha tsiku lonse? Kwa banja lotero dzira si chakudya, ndi ndalama ya mchere, ya sopo, ya kope la mwana.

Zoona zimenezo. Koma tafunsani kuti banja lomwelo ndalama lingaipeze kuti m'mwezi wa December. Chimanga kulibe, thonje silinapse, nandolo anagulitsa kale. Chimene lili nacho ndi mtengo wa mango ndi nkhuku ziwiri zitatu. Mango alibe mtengo chifukwa amapsa onse nthawi imodzi ndipo aliyense akugulitsa chinthu chofanana, m'beseni lofanana, pa malo amodzi. Fakitale ya Malawi Mangoes ili ku Salima, kutali, ndipo singathe kumeza mango a m'midzi yonse ya m'chigwa cha Shire. Wogula yekha amene ali pafupi ndi tauni: Liwonde, Balaka, Ntaja, Nsanama, Ulongwe. Ngati a m'tauni tingodya mango awiri pa depoti n'kutaya njere, wa kumudzi sapindula kanthu. Koma lesitilanti iliyonse ikamafuna beseni la mango abwino ndi thileyi ya mazira m'mawa uliwonse, pamenepo pabadwa msika. Ndikamalankhula za thovu la mazira sindikunena kuti wanjala adye zotsekemera. Ndikunena kuti wokhuta alipire wanjala, m'malo molipira fakitale ya ku Johannesburg.

Ndipo okhutawo alipo, amadutsa pakhomo pathu tsiku ndi tsiku. Msewu wochokera ku Zomba kupita ku Mangochi umawoloka Shire pa Liwonde. Wina umapatuka kudzera ku Balaka kukakumana ndi wa ku Lilongwe pa Chingeni. Njanji ya ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970, imadutsa momwemu. Chiyambire 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalango ya Liwonde, n'kubwezeretsamo akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018, alendo akunja amabwera kudzaona nyama. A mabungwe nawo misonkhano yawo sikutha m'malo ogona a m'mbali mwa mtsinje. Anthu onsewa ali ndi ndalama m'thumba ndipo atopa ndi zakumwa za m'mabotolo. Mzungu amene wauluka kuchokera ku London sanabwere kudzadya pichesi la m'chitini. Limenelo analisiya kwawo.

Amalonda anzanga, inu mumadziwa kuwerengera kuposa ine. Tengani mtengo wa dzira limodzi lero, onjezani sipuni ya shuga, theka la lalanje, mango amodzi, ndi makala a mphindi khumi amene ayaka kale pophika nsima. Yerekezani ndi mtengo wa botolo limodzi la chakumwa chimene mumagulitsa, ndi kaphindu kochepa kamene mumapeza pa botololo mutalipira kale thiransipoti ndi magetsi a firiji. Sindikuikirani manambala chifukwa mitengo ya masiku ano imasintha nyuzipepala isanafike kwa owerenga. Werengerani nokha pa kauntala.

Pali chenjezo limodzi limene sindingalisiye, ndipo amene salitsata asayambe n'komwe. Mliri wa kolera umene unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno mu 2022 ndi 2023 unayambira kuno; wodwala woyamba anapezeka pa chipatala cha boma cha Machinga, ku Liwonde, ndipo mliriwo unalengezedwa mu March 2022. Nthawi ya mango ndiyonso nthawi ya mvula, ya ntchentche ndi ya matenda otsegula m'mimba. Chipatso chodula n'kuchisiya poyera ndi msampha. Tsono mango atsukidwe ndi madzi otetezedwa, asendedwe ndi mpeni woyera wogula ataitanitsa, osati m'mawa kuti adikire madzulo. Madzi oviikira malambe akhale owiritsa. Dzira losweka kapena lakale litayidwe. Loyandama m'madzi ndi lakale limenelo. Thovu lipse ndithu mpaka kulemerera, lisangofunda chabe, chifukwa dzira losapsa nalo lili ndi tizilombo take. Ndipo sabayon sagona. Ndi kutentha kwa ku Liwonde kuja kwa mu October ndi November, wotsala ndi wotaya. Ubwino wake n'ngwakuti amapangidwa m'mphindi khumi wogula akuona ndi maso ake, ndiye palibe chifukwa chopangira wambiri. Kwa ine chimenechi ndicho chimamuyenereza kuno kuposa ayisikilimu, amene magetsi akazima amasungunuka, akayaka n'kuumanso, wogula osadziwa kuti wadutsa m'zotani.

Nkhani ina ndi ya kunyumba, ndipo apa ndilankhule ndi abambo anzanga. M'makomo ambiri dzira ndi la bambo kapena la mlendo. Takula tikumva kuti mayi woyembekezera akadya mazira mwana adzabadwa wopanda tsitsi, ndi kuti ana akazolowera mazira adzakhala akuba. Azaumoyo akhala akutsutsa zimenezi kwa zaka zambiri, m'masikelo ndi pa wailesi, pophunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, komabe m'midzi ina zikadalipo. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Sindikunena kuti dzira ndi mankhwala a zonse. Ofufuza ena anayesa ku Mangochi mu 2018, kupatsa ana aang'ono dzira limodzi tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo sanapeze kuti anawo anatalika kuposa anzawo. Kupinimbira kuli ndi mizu yambiri: malungo, madzi oipa, umphawi. Komabe dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a zomanga thupi, chikasu chake chili ndi vitamini A, ndipo vitamini A wa m'mango thupi limamulandira bwino akadyedwa pamodzi ndi mafuta, amene ali m'chikasu momwemo. Mazira awiri okazinga amathera m'mbale ya munthu mmodzi. Mazira awiri omwewo atafufuma pamwamba pa mango amakwana ana anayi, aliyense n'kunyambita sipuni. Odwala matenda a shuga okha ndiwo apewe, kapena achepetse kwambiri.

Mazirawo achokera kuti? Apa a zaulimi ali ndi mlandu woyankha. Nkhuku zakuda za Mikolongwe, zimene boma linkagawa m'midzi kuti zikweze mtundu wa nkhuku zathu, zimaikira bwino, koma chitopa chikabwera m'chilimwe chimasesa khola lonse, za Mikolongwe ndi zachikuda zomwe. Katemera wake alipo, wodontheza m'diso, wosafuna jakisoni, ndipo munthu wamba akhoza kuphunzira kumupereka tsiku limodzi. Mudzi wotemera nkhuku zake panthawi yake umakhala ndi mazira ogulitsa. Wosatemera umangoyang'ana malole a mazira ochokera m'mafamu aakulu a ku Lilongwe ndi Blantyre akutsitsa mathileyi pa gulosale. Alangizi akadzabwera m'mudzi, mafumu afunse za katemera ameneyu asanafunse za alawansi ya msonkhano.

Kwa ophunzira, makamaka inu a m'masukulu a ntchito zamanja ndi amene mukuphunzira zophikaphika, ndili ndi pempho. Mukamaliza maphunziro ambiri mumathamangira ku mahotela a m'mizinda kukapempha ntchito yotsuka mbale, satifiketi ili m'thumba. M'mabuku anu sabayon analembedwa pamodzi ndi zipatso za ku Ulaya zimene simunazionepo, ndipo mumaloweza kuti mukhoze mayeso basi. Tayesani kunyumba Loweruka likubwerali ndi mango a pakhomo. Yesani ndi malambe, yesani ndi bwemba, yesani ndi tiyi wakuda wowirira kapena khofi, muone chimene chikugwirizana ndi nthochi ndi chimene chikugwirizana ndi papaya. Lembani muyeso wake m'kope. Koyamba akhoza kugwirana, kachiwiri akhoza kutuluka wamadzi. Kachitatu dzanja limakhala ladziwa. Luso limeneli silifuna mpamba wa ngongole ya ku banki. Mpamba wake ndi mazira anayi.

Eni malo ogona alendo, inunso muli ndi mbali yanu. Wophika wanu akakuuzani kuti akufuna kuyesa chinthu chatsopano, musamuyankhe kuti alendo anazolowera za m'chitini. Anazolowera chifukwa ndi zokhazo mumawapatsa. Lembani pa bolodi panja, m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe, kuti lero kuli mango a thovu la mazira, opanda mowa. Gwirizanani ndi amayi awiri atatu a kumudzi kuti azikubweretserani mango othyola mumtengo, osati otola pansi, ndipo muwalipire mtengo wabwinoko chifukwa cha kusankhako. Mango akatha mu February, nthochi ndi mapapaya zilipo chaka chonse, magwafa amabwera, ndipo m'nyengo yozizira manachesi a ku Mwanza amadzaza misika.

A khonsolo ya Machinga ndi ya Balaka amatolera ndalama za ziphaso m'misika tsiku lililonse. Chimene wogulitsa zakudya akufuna kwa iwo si msonkhano wina wa m'hotela. Akufuna mpopi wa madzi wogwira ntchito pamsika, dzala lotayamo makoko a mango, ndi woyendera zaumoyo wobwera kudzaphunzitsa asanabwere kudzalanda katundu. Zitatu zimenezi zikhalepo mwezi wa November usanafike, chifukwa mitengo imachita maluwa mu July ndi August, ndipo siidikira bajeti ya munthu.